Makutu a Dona

3 Malichi 1986

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, kudziko lanu lozizira mafupalo. Kuno tadzuka. Ine ndikadali m'sitolo ya zitsulo muja, kuwerenga misomali ya eni ake.

Lero Bambo akwanitsa masiku 140 chiwagwireni sitiroko. Dzanja lamanja silinabwerere. Mwendo amakoka, koma ndi ndodo amafika pakhonde okha. Mawu adawatsalira amodzi: "ayi". Mukawafunsa ngati amwa tiyi amati ayi, uku dzanja lamanzere likulandira kapu. Ndazolowera kuyang'ana dzanja, osati pakamwa.

Achemwali adabwera pa 23 Febuluwale. Akuti nzeru za Bambo zikutha ndipo ine sindingawasamale ndekha. Akukonza chipinda kunyumba kwawo m'tauni, nyumba yosanja ija ya masitepe 38, ndipo kumapeto kwa Juni adzawatenga. Nyumba ino ichititsidwe lendi, Dona agulitsidwe. Sindidatsutse, mukundidziwa. Ndidangopempha kuti asafulumire tsikulo lisanakwane.

Dona akadali m'galaja momwe mudamusiya, galimoto ija yobiriwira ya ku Mangalande, ya anthu awiri, ya denga la chinsalu, imene bwana wa Bambo adawasiyira mu 1971, imene malemu Mayi ankati ndi mkazi mnzawo. Ali pa zipika kuyambira 1979 pamene Bambo adamuchotsa mawilo kuti akonze mabuleki. Zitsulo zake zili m'zitini 17 pa shelefu.

Pa 16 Febuluwale ndidatsegula galajayo kufuna fosholo. Nditacheuka ndidapeza Bambo afika okha pakhomo. Adaika dzanja pa boneti n'kuima mphindi 20, maso ali gwa, ngati munthu amene akuwerengera ntchito. Achimwene, amene aja si maso a munthu wotha nzeru. Koma ndilibe umboni woti ndiwaonetse Achemwali. Ndaganiza kuti Dona akalira n'kuyenda, mwina Bambo adzaonetsa okha kuti akadalimo.

Sindikupempha ndalama. Popeza inu galimoto zoterezi ndi zimene mumakonza tsiku ndi tsiku, ndikupempha mapulagi 4, malabala a mabuleki a mawilo onse, gasiketi ya pamutu pa injini, ndi malangizo anu. Umakanika udapita ndi inu. Ine ndingodziwa kuwerenga ndi kutsuka.

Moni kwa onse.

Ine mng'ono wanu,
Kabuku


2 Epulo 1986

Kabuku mng'ono wanga,

Tili bwino, chimfine chokha. Alamu ako akuti moni.

Kalata yako ndidaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikuseka. Iwe amene unkathawa girisi kuopa kudetsa makope ako, lero ukufuna kulowa kunsi kwa Dona? Ngati cholinga n'chakuti mtengo ukwere pogulitsa, ungonena, si tchimo. Kuno galimoto ngati iyoyo madala a zipewa amazilimbirana. Amazipukuta sabata yonse, Lamulungu aziyendetsa mamailosi asanu, Lolemba n'kubwera nazo kwa ife zikudontha oilo. N'zimene zikutidyetsa.

Zimene wapempha ndatumiza m'phukusi, ndawonjezamo lamba wa fani. Tsono mvera. Usakhudze Dona ndi masipanala a m'sitolo mwanu, adzakudyera mitu ya mabawuti. Mabawuti ake ndi a muyezo wakale. Tenga masipanala a Bambo m'bokosi la buluu. Manati a makutu awiri a pakati pa mawilo aja samangidwa ndi sipanala, amamenyedwa ndi nyundo ya mkuwa. Uifune kuseri kwa mpando. Makabuleta ndi awiri ndipo ayenera kupuma mofanana. Tenga kachidutswa ka paipi ya labala, mbali ina kukhutu kwako, ina pakamwa pa kabuleta, umvere mluzu wake, uzisintha mpaka onse aimbe nyimbo imodzi.

Ndimati ndilembe kuti ukakanika ufunse Bambo, kenako ndakumbukira.

Za mlongo wathu, usamuone ngati mdani. Mwina akunena zoona. Ine ndili kutali, sindingaweruze.

Kumapeto kwa mwezi uno tikusamuka, mwini nyumba waigulitsa. Adilesi yatsopano ndikutumizira tikakhazikika.

Mkulu wako


27 Epulo 1986

Okondedwa Achimwene,

Moni wochokera kuno. Phukusi lidafika pa 19 Epulo ndipo zonse zidakwana. Zikomo kwambiri. Pepani ngati sindidalembe momveka: sindikukonza Dona kuti agulitsidwe. Ndikukonzera Bambo.

Ndimagwira ntchito ndikaweruka ndi Lamulungu lonse. Bambo ndimawaikira mpando pafupi ndi chitseko. Ndikatenga sipanala yolakwika amagogoda ndodo pansi kamodzi. Ndikatenga yoyenera amakhala chete. Mabuleki tatha nawo motero pa 22 Epulo, mawu osatuluka.

Mahabu anayi amene mawilo amavalapo anali m'chitini cha nambala 9, adzimbiri okhaokha. Ndidawaviika m'palafini masiku atatu n'kuwapala ndi burashi ya waya mpaka kuwala. Awiri anali ndi madontho a penti yofiira, mwina idadonthera pamene Bambo ankapenta geti. Nayonso ndaichotsa. Mukadawaona mukadati ndi atsopano.

Pomanga ndidaona kuti awiri mazinga ake ndi achizolowezi, omangira kudzanja lamanja, awiri enawo ndi obwerera. Zolembedwa pa manati a makutu zidafufutika kalekale ndi nyundo. Ndiye ndidaganiza bwinobwino: achizolowezi ndaika mbali ya kumanja, obwererawo kumanzere. Zakhala zadongosolo, chifukwa mawilo onse anayi khutu lapamwamba ndimalimenyera kutsogolo kwa galimoto, natiyo n'kulimba.

Koma pali chimene chandipweteka mtima. Dzulo nditayamba kumenya khutu loyamba, Bambo adakuwa ayi, ayi, ayi. Ndidati, "Bambo, ndikumenya pang'onopang'ono, sindimupweteka Dona wanu." Ndidapitiriza. Adandigenda ndi ndodo, n'kundipeza paphewa. Zaka 34 zanga zonse sanandikwezerepo dzanja. Kenako adafuna kundilanda nyundo mpaka adatsala pang'ono kugwa. Ndidawaperekeza kuchipinda n'kubwerera kudzamaliza ndekha.

Ndikuganiza kuti n'nsanje. Nyundo imeneyo palibe adaigwirapo kupatula iwo ndi inu, ndiye kuiona m'manja mwa wowerenga misomali kwawawawa. Achemwali sindiwauza.

Mundiuze kuti oilo wa m'giyabokosi akhale wotani.

Ine mng'ono wanu,
Kabuku


25 Meyi 1986

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Papita masiku 28 chilembereni ndipo sindinalandire yankho, ngakhale adilesi yatsopano. Ino ndikutumizanso kwakale komweko. Ngati ndidakulakwirani ndi mawu ena, mundikhululukire.

Injini idalira pa 11 Meyi, nthawi ya 10:40 m'mawa. Utsi udadzaza galaja mpaka mkazi wa aneba adabwera ndi ndowa ya madzi. Bambo adaseka, koyamba chichokereni kuchipatala. Paipi ya labala ija sindidaigwiritse n'komwe. Bambo adatseka maso, n'kumandilozera ndi chala kuti kweza, tsitsa, mpaka adatambasula chikhatho. Ndidati nkhani yatha, Achemwali adzaona okha.

Pa 17 Meyi ndidamutsitsa pa zipika n'kumuyesa. Ndidafika kumapeto kwa msewu wathu n'kubwerera, kanayi, pang'onopang'ono, mamailosi atatu onse pamodzi. Nthawi yonseyo Bambo anali pageti akukuwa ayi mpaka mawu kusasa.

Mawa lake Achemwali adabwera monga ndidawaitanira. Ndidakonza kuti nditenge Bambo titsetsereke phiri lija mpaka pamlatho n'kubwerera. Tidawaveka jekete lawo. Atafika pakhomo la galaja adakhala pansi, pafumbi, n'kugwira felemu ya chitseko. Achemwali adati, "Bambo, dzukani, anthu akutiona." Adakana. Ine ndidati mwina akamva injini asintha mtima. Ndidaliza, Dona osalira. Maola atatu ndikufufuza, petulo alimo, batire ili bwino, koma kumapulagi kulibe moto.

Madzulo Achemwali powavula jekete adapeza kachitsulo m'thumba lamkati, kokulungidwa m'mpango. Inali rota, kaja kozungulira kogawa moto kumapulagi. Bambo adalowa liti m'galaja, adatsegula bwanji boneti ndi dzanja limodzi, sindikudziwa. Achemwali adati, "Waona? Ayamba kutola zinthu n'kumabisa ngati mwana. Mawa adzabisa machesi pansi pa pilo." 

Rotayo Achemwali adandipatsa ine. Bambo adakana kudya masiku awiri, ndiye pa 20 Meyi ndidawabwezera. Adadya. Amagona nayo.

Achimwene, ndimati Dona awapulumutsa, koma ndi amene wawamangitsa. Mwina ndinkaona zimene mtima wanga unkafuna kuona.

Ine mng'ono wanu,
Kabuku


1 Juni 1986

Achimwene,

Moni nonse. Sindichulutsa, ndili ndi makope a ana 60 oti ndichonge.

Mudamutumizira Kabuku zitsulo, zikomo, koma mudamutumiziranso chiyembekezo chabodza. Inu simudaone zimene ndidaona ine. Bambo athu, munthu amene sankatuluka m'nyumba nsapato zosapolisha, kukhala pafumbi ana a aneba akusuzumira pampanda. Ndidalira m'basi njira yonse. Kabuku ali ndi chilonda paphewa chimene akuti adagundidwa ndi chitseko. Mwana uja sadziwa kunama, makutu amamutentha.

Ndikudziwa kuti nonse awiri mumanditcha Ahedi ndikatembenuka. Palibe kanthu. Wina ayenera kukhala woipa kuti zinthu ziyende. Kabuku amachoka mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Tsiku lonse Bambo amakhala ndi mayi wothandiza uja, amene amawaopa. Munthu wobisa zitsulo mawa adzabisa mankhwala ake. Kwanga kuli masitepe, inde, koma chipatala chili pafupi ndipo ndiziwaona ndi maso anga.

Ndidzawatenga Loweruka pa 28 Juni. Dona ndapeza womufuna, dokotala wina wa mano, akuti adzamuyendetsa yekha kupita naye kwawo.

Ngati muli ndi mawu, nenani msanga. Kukhala chete kwanuku ine ndikuwerenga kuti mwavomera.

Mlongo wanu


10 Juni 1986

Kabuku,

Za moni pambuyo. Telegalamu ndatumiza m'mawa uno. Ngati siinafike ndikubwereza: usamuyendetse Dona, ndipo dokotala wa manoyo asamukhudze.

Makalata ako awiri ndi ya mlongo wathu ndawatenga dzulo kunyumba yakale. Anali pawindo kwa anthu atsopanowo. Kulakwa n'kwanga, ndidazengereza kukutumizira adilesi.

Mahabu waika mosinthanitsa. Madontho ofiira aja sadadonthere. Bambo ndi amene adawaika, ine ndikuwagwirira chitini cha penti, kuti tidziwe a mbali ya kumanja. A mazinga obwerera ndiwo a kumanja, achizolowezi a kumanzere. Adawapanga motero kuti galimoto ikamayenda natiyo izidzilimbitsa yokha. Ukawasinthanitsa imadzimasula yokha. Lamulo lake n'limodzi: khutu lapamwamba umalimenyera kumbuyo kwa galimoto kuti ulimbitse, mawilo onse anayi. Iwe unkamenyera kutsogolo. Bambo adaona pa nyundo yoyamba. Mamailosi atatu a pang'onopang'ono adakukhululukira. Phiri lija, ukuponda mabuleki pa kona ya pamlatho, silikadakukhululukira.

Si uchitsiru wako. Ndaonapo amakanika a ndevu zoyera akulakwitsa pomwepo. Chitsiru ndi ine, amene ndidakuuza za nyimbo za makabuleta n'kuiwala chimene chimapha.

Tsono za rota. Iwe sudagwireko ntchito m'galaja ya Bambo, mlongo wathunso ayi, ndiye simungadziwe. Galimoto ikakhala yoopsa kutuluka, mwini wake n'kumakakamira, Bambo sankakangana naye. Ankachotsa rota n'kuika m'thumba lamkati la jekete. Adachitapo zimenezi kwa bwana wawo weniweni, bwanayo n'kupita kwawo wapansi. Ankati makiyi munthu amatha kukhala ndi ena, koma rota palibe amayenda ndi iwiri. Ankaibwezera pokhapokha atazungulira galimotoyo okha n'kukhutira.

Munthu amene wachita zimenezi ndi dzanja limodzi, kuti mwana wake asafere paphiri, nzeru zake zili malo ake. Kalata ino uwawerengere Bambo, kenako umuonetse mlongo wathu. Uwauze kuti ndapepesa.

Moni tsopano. Tonse tili bwino.

Mkulu wako


29 Juni 1986

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mwakhazikika m'nyumba yatsopano. Kuno tadzuka bwino.

Telegalamu idafika pa 11 Juni. Mawu ake anali atatu, OSAYENDETSA DONA DIKIRA, ndiye ndidaganiza kuti mwagwirizana ndi Achemwali ndipo mukuopa kuti ndiwononga malonda. Ndidayamba kupinda zovala za Bambo. Kalata yanu idafika Lachiwiri pa 24.

Nditaiwerenga ndidapita m'galaja osavula n'komwe yunifomu. Ndidagwira khutu la wilo lakutsogolo kumanja. Lidazungulira ndi dzanja lokha, popanda nyundo. 

Kenako ndidawawerengera Bambo, yonse. Pofika pa bwana wopita wapansi adaseka mpaka kutsokomola. Nditamaliza ndidati, "Bambo, ndidakulakwirani. Mumandiuza, ine osamva." Adatenga kalatayo, n'kuipinda, n'kundimenya nayo pamutu pang'ono. Adati ayi, koma motsitsa mawu.

Ndidapempha tchuthi cha masiku atatu. Mahabu onse ndidamasula n'kuwabwezera malo ake. Lachinayi Bambo adandilozera chitini cha penti yofiira, n'kuviika chala, n'kuika okha dontho pa awiri a kumanja. Lachisanu masana ndidamaliza, ndikumenyera kumbuyo. Ndidatambasula dzanja kuti andipatse rota. Adayang'ana kumbali.

Dzulo Achemwali adafika nthawi ya 9:15 pa galimoto yobwereka, ndi masutikesi awiri opanda kanthu. Ndidawapatsa kalata yanu. Adaiwerenga chiimire, kenako adakhala pansi n'kuiwerenganso. Adati, "Achimwene ali kutali, akhoza kulemba zokoma. Ine ndikufuna kuona."

Bambo adamva. Adadzuka, jekete atavala kale, n'kulowa m'galaja ife tikutsatira. Adandipatsa ndodo kuti ndiwagwirire, n'kutenga nyundo ya mkuwa. Adazungulira Dona atatsamira pathupi pake, wilo ndi wilo, kumenya khutu kamodzi n'kumvetsera. Pa wilo lachitatu adandiyang'ana. Ndidawonjezera nyundo ziwiri. Adamenyanso, n'kupitirira. Atatha anayi onse adandilozera boneti. Ndidatsegula. Adatulutsa mpango, n'kuufunyulula ndi mano, n'kuika rota ndi dzanja lawo lamanzere.

Achemwali adafunsa, "Bambo, tsiku lija mumakana chifukwa cha mawilo?"

Adati ayi, uku akugwedeza mutu kuvomera. Achemwali adatuluka panja. Pobwera maso anali ofiira, ndipo adati ndi utsi wa m'galaja, chonsecho injini inali isanalire.

Bambo adalowa m'galimoto okha. Mwendo wokhawo ndi umene ndidawanyamulira. Denga tidalipinda. Tidanyamuka 10:05, kutsetsereka phiri, pamlatho, n'kubwerera, mamailosi 11. Pa kona ija ndidachita mantha n'kuchepetsa liwiro kwambiri, iwo n'kundigogoda pabondo kuti ndisinthe giya. Chipewa chawo chidauluka pafupi ndi mlatho ndipo adakana kuti tiime.

Titabwerera tidapeza Achemwali atabweza zovala zonse m'kabati. Adati, "Iwe Kabuku, usaganize kuti wapambana. Ndizibwera Loweruka lililonse, ndipo mayi wothandiza uja tipeze wina wosaopa." Dokotala wa mano akuti akamuuza okha. Masutikesi adabwerera nawo chimodzimodzi. Asananyamuke adafunsa ngati Dona amanyamulanso aphunzitsi. Bambo adati ayi, dzanja likuwatsegulira chitseko. Ulendo wawo ndi wa pa 5 Julayi.

Madzulo ndikutseka galaja, Bambo adabweranso n'kundilozera boneti. Ndidati kaya ndalakwitsanso pati. Ndidatsegula. Adayang'ana nthawi yaitali, kenako adatseka okha n'kupita kukamwa tiyi.

M'mawa uno ndakasuzumira. Rota ikadalimo.

Oilo wa m'giyabokosi uja simunandiyankhebe.

Ine mng'ono wanu,
Kabuku